Malume Anga a Kondemu ndi Ng'ombe ya Atcheya

Malume anga a Benedikito tinawaika m'manda mwezi wathawu kwathu ku Balaka, ndipo abale agwirizana kuti mbiri yawo ndilembe ine. Akuti ine ndiye ndinapita ku koleji. Zoti sindinamalize aziiwala mwadala, poti ntchito yaulere siyifunsa satifiketi. Ndavomera ndi ulemu wonse, ngakhale ndikudziwa kuti akawerenga sadzanditumanso.

Pa Ntaja, pamene malume anakwatira ndi kugwira ntchito moyo wawo wonse, dzina loti Benedikito silinkadziwika. Mukatsika basi n'kufunsa kwa a Benedikito, anthu ankayang'anana n'kukulozerani kutchalitchi. Koma mukati kwa a Kondemu, ngakhale mbuzi zinkatembenuka, ndipo zinali ndi chifukwa chake. Malume anali a zaumoyo, oyeza nyama. Ng'ombe kapena mbuzi iliyonse yozingidwa pamsika inkayenera kudutsa m'manja mwawo isanakolekedwe mu butchala. Ankafika m'mawa pa njinga atavala chikhoti choyera ndi magambutsi, m'chikwama muli mpeni, kabotolo ka inki yofanana ndi jivi wopaka pachilonda uja, ndi zidindo ziwiri. China chinali chozungulira, cholembedwa m'Chingerezi kuti nyama yavomerezedwa: pasidi. China chinali cha makona anayi, cholembedwa kuti nyama yakanidwa: kondemudi. Anthu analidula mchira liwu lachiwirili n'kuwapatsa malume kuti likhale dzina lawo, ndipo iwo analilandira ngati mendulo.

Pa nthawi yochepa imene ndinakhala ku koleji ndinatolako nzeru imodzi, ndipo ndikuipereka pano kwaulere. Mngerezi akafuna kukuweruza sakuloza chala. Amatenga chimene chakuchitikira n'kuchisandutsa dzina lako. Fodya akakanidwa kumsika ndi rijekiti mpaka adzasutidwe. Nyumba ikang'aluka khoma ndi kondemu. Buku likaletsedwa ndi banidi. Ine ndemwe, amene ndikulemba pano, ndine wididi, kutanthauza udzu umene wazulidwa m'munda wa maphunziro kuti chimanga chipume. Wokanayo, woletsayo, wozulayo simumuona. Liwu limangofika lokha litamanga tayi, mwini wake ali ku tiyi. Masiku a chipani chimodzi mawu oterewa anali ngati ntchentche nyengo ya mango, ndipo munthu wofuna kukalamba sankafunsa kuti achokera pakamwa pa yani.

Malume mawu amenewa anawaphunzira kwa ansembe ku Balaka, kumene anabadwira. Ankafuna kukhala dokotala wa anthu, koma mayeso anawatumiza ku ziweto, ndipo iwo ankati anapindula, chifukwa ng'ombe ikafa siyinama ngati mmene amachitira munthu wamoyo. Ankanenanso kuti nkhope ndi ya alendo, zoona za cholengedwa chilichonse zimakhala m'chiwindi. Mawu a pa zidindo aja ankawakonda kuposa mmene ankakondera ife. Kunyumba kwawo, kumene nanenso ndinakulira, zinthu sizinkatha kapena kuwonongeka, zinkaweruzidwa. Malaya ong'ambika kolala anali kondemu. Galu wathu atadya mazira anakhala sasipendedi, osaloledwa kukwera pakhonde mpaka atasonyeza kulapa. Mnyamata wina atabwera kudzafunsira Rozi, mwana wawo woyamba, malume anamuuza kuti atulutse lilime, namutsegula chikope ndi chala, kenako anatembenukira azakhali, akazi awo, n'kunena kuti pasidi. Ukwati umenewo ulipobe, ndiye njirayo sindingaitsutse. Chala chawo chachikulu chinali cha inki chaka chonse, ndipo bambo mfumu wina watsopano, poona dzanja limenelo pa Misa, anawafunsa ngati apita kale kuchipatala.

Musaganize kuti anali munthu wofewa pa ntchito. Pa chinkhoswe cha mchemwali wanga ku Balaka, anangodutsa pamene anyamata ankasenda mbuzi, nasuzumira m'mapapo, n'kulamula kuti ikwiriridwe. Amayi anga, amene ndi alongo awo enieni, anagwada, analira, anawakumbutsa kuti anayamwa bere limodzi. Malume anati bere analikumbukira bwino lomwe, koma mapapo ndi mapapo. Alendo a kuchimuna anadya nyemba. Amayi anakhala osawayankhula mpaka chimanga chinalowa m'nkhokwe, ndipo mpaka kufa kwawo akafuna kuwatchula ankati achimwene anga a nyemba. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti pakamwa anali napo, ndipo pamaso pa mlongo wawo wolira pankatseguka bwinobwino.

Anthu a pamsika Chingerezi cha pa zidindo sankachiwerenga, ndipo sankachisowa. Iwo ankadziwa inki. Nyama yokanidwa sankaiona n'komwe, chifukwa malume ankaithira palafini n'kuikwiriritsa kuseri kwa pophera, msika usanadzaze. Motero chimene chinakhazikika m'mitu ya anthu n'chakuti pamene pali inki, boma laonapo. Amayi ankakanganirana chidutswa chodindidwacho. Ankati, “Che Amadu, mundidulire pa boma.” Chidutswa cha pa boma ankapatsa mwana wodwala kapena mayi woyembekezera, poganiza kuti pa ng'ombe yonseyo pamene payezedwa kwenikweni ndi pomwepo.

Che Amadu amenewa ndiwo anali eni butchala yaikulu pa Ntaja, Msilamu wa thupi ngati nkhokwe koma wa mawu aang'ono ngati a mwana wa sukulu. Iwo ndi malume ankakangana m'mawa uliwonse umene Mulungu analenga, kupatula Lamulungu, pamene malume ankakapempha chikhululukiro kuti apeze mphamvu zoyambiranso Lolemba.

“A dokotala a mbuzi afika,” ankatero Che Amadu akangomva belu la njinga. “Odwala anu onse amwalira kale, bwana. Mwachedwanso.”

“Ine ndimachiritsa otsala, achimwene. Tatembenuzani chiwindicho.”

“Chiwindi ichi n'chokongola kuposa mkazi wanga wachiwiri.”

“Ndiye mukawapepesere mayiwo. Muli nyongolotsi umu.”

“Zimenezo ndi basera, a Bene, sindilipiritsa.”

“Kondemu.”

“Ngwamba! Iyayi! Mwandipha! Inu Akatolika chifundo mumachisiya m'tchalitchi pamodzi ndi mabuku a nyimbo.”

Akatha apo, Che Amadu ankadula kanyama ka mpeni, kachidutswa kamene mwa mwambo wa pamsika kankapita kwa woyeza, n'kukakulunga m'tsamba la nthochi, ndipo awiriwo ankakamwa tiyi limodzi ngati palibe chachitika. Malume ankanena kuti munthu amene sanakutukwanepo usamukhulupirire, chifukwa sudziwa kumene akusungira zotukwana zake.

Amene anawadziwa malume m'zaka zawo zomalizira pa ntchito amakumbukira munthu wina. Amakumbukira mdala wokuwa. Akapeza nyama yoipa sankangodinda ayi. Ankakwera pa mwala, n'kuvula chipewa, n'kufuula kuti iwo, Benedikito wa ku Balaka, aiona nyama iyi ndi maso awo ndipo akuti munthu asadye. Ankabwereza m'Chiyao chawo chothyokathyoka, chimene chinkaseketsa ana a ku madarasa mpaka kugwa pansi. Ngakhale nyama yabwino ankailengeza, kuti iwo, Benedikito, akuti idyedwe. Kanyama ka mpeni anasiya kulandira. Anthu ankati ukalamba wawalowa m'mutu. Ife apabanja tinkadziwa kuti si ukalamba, ndipo tikamva kukuwako tinkaweramitsa mitu n'kudutsa msanga. Kunayamba ndi ng'ombe ya atcheya.

Ine panalibe, ndinali ku koleji kudikira kuzulidwa. Nkhaniyi ndaisoka kuchokera kwa azakhali, kwa Che Amadu, ndi kwa malume eni ake atakalamba, ndipo zigamba zonse zitatu zikugwirizana, zimene sizichitikachitika m'banja mwathu.

Kunamveka kuti kukubwera mlendo wamkulu wa chipani kudzachititsa msonkhano pa Ntaja. Midzi inasonkha kuti pagulidwe ng'ombe ya phwando, yodyetsa alendo ndi amayi ovina amene anabwera pa malole kuchokera ku Nsanama ndi madera ena. Atcheya a chipani a dera lathu, munthu amene ankatha kubweza mayi woyembekezera pa chipata cha msika chifukwa mwana wa m'mimbayo alibe khadi, anasunga zosonkhazo n'kupereka ng'ombe ya m'khola mwawo. Ng'ombeyo inafika pa ngolo, chifukwa kuyenda inali itasiya dzana lake. Che Amadu anaizinga mothamanga isanadzifere yokha. Magazi anatuluka akuda ngati phula, osagwirana. Malume atatsegula m'mimba anapeza kapamba atatupa ngati pilo.

Awiriwo anayang'anana. Onse anali ataona ng'ombe zokwanira kuti adziwe chimene chinali patsogolo pawo. Kumbuyo kwawo kunali atcheya, achinyamata a chipani ndi zibonga zawo, ndi migolo ya madzi imene inali itayamba kale kuwira.

“A zaumoyo, tafulumirani,” anatero atcheya. “Alendo adutsa kale pa Liwonde. Kapena mukufuna ndikawauze kuti pa Ntaja pali munthu amene akuti mphatso ya chipani ndi yowola?”

Malume anatembenukira nyama ija. Anatsegula chikwama, nanyowetsa chidindo, n'kudinda ntchafu zonse, mapewa ndi nthiti, mwamphamvu, mwaukhondo, monga anaphunzitsidwira. Chidindo chake chinali cha makona anayi chija. Atcheya ataona inki anawomba m'manja. Amayi anaimba nthungululu. Wina anakuwa kuti pa boma asungire olemekezeka. Malume anapukuta mpeni wawo. Palafini anali pomwepo, m'chigubu pa njinga, ndipo anakhala pomwepo.

Che Amadu zidindozo akanazisiyanitsa ngakhale atatsinzina. Anayang'ana makona anayi aja, nayang'ana mnzawo, kudikira kuti pakamwa patseguke. Sipanatseguke. Ndiye nawonso anatenga chikwanje n'kuyamba kudula.

Atcheya, mwa chisangalalo, anawapatsa malume phewa lonse ngati kanyama ka mpeni. Malume analimanga pa njinga n'kupalasa mpaka kunyumba dzuwa lili paliwombo. Azakhali ataona nyama yochuluka chotero anayamba kale kutuma ana kukagula anyezi. Malume anati nyama imeneyo isalowe kukhitchini, ndipo mwana aliyense wa pakhomopo asaonekere ku msonkhano. Anatenga khasu, nakumba kuseri kwa chimbudzi, n'kuthira palafini yense uja pa phewa limodzilo.

“Nanga anthu aja?” anafunsa azakhali.

“Inadindidwa,” anatero malume.

“Ndikufunsa za anthu, bambo a Rozi, osati za ng'ombe.”

“Ndati inadindidwa. Wodziwa kuwerenga awerenga.”

Mlendo wamkulu uja anangolawa pang'ono n'kupita ndi galimoto zake, koma ena mwa omuperekeza anakagonekedwa kuchipatala. Pa Ntaja ndi midzi yozungulira anthu anasanza, anatsegula m'mimba, ena mwa odula ndi ophika anatuluka zilonda zakuda m'manja. Mayi wina wa ku Nsanama, abiti Jafali, wotsogolera nyimbo amene chifukwa cha mawu ake okoma anapatsidwa chidutswa cha pa boma, anamwalira n'kusiya ana aang'ono. Mwa nyumba zonse zimene munalowa nyama tsiku limenelo, imodzi yokha ndiyo sinadwale ngakhale mutu. Ndinu anzeru, mwaidziwa.

Poti omuperekeza mlendo anadwala, nkhani inasanduka ya ndale, ndipo nkhani ya ndale masiku amenewo inkafuna munthu woti imudye. Kunabwera akuluakulu ofufuza. Atcheya, amene anangodwala pang'ono poti anthu otere imfa imawalemekeza, anati iwo sukulu anaisiyira panjira, anangoona inki ngati wina aliyense. Ntchafu imodzi anali atadzisungira pa utsi, ndipo itabweretsedwa, chidindo chinali chikuwerengekabe. Nyama yakufa inawaikira umboni malume. Azakhali, amene anaima panja pafupi ndi windo, akuti wofufuza wina anafunsa m'Chichewa chomveka bwino: “Bambo, kodi munawauza anthuwa kuti asadye?” Malume anayankha m'Chingerezi kuti nyamayo inayezedwa, inakanidwa, ndipo inadindidwa. Anafunsidwanso, nayankhanso chimodzimodzi. Che Amadu anali ataima pambali pawo, chisoti chili m'manja, akumva liwu limodzi lokha limene ankalidziwa, lomwe lija ankaseka nalo m'mawa uliwonse. Atafunsidwa ngati amadziwa kusiyana kwa zidindo ziwirizo, iwo poti anali munthu woswali, wopemphera ndi woopa bodza, anati elo, amadziwa. Anakwezedwa m'galimoto tsiku lomwelo. Malume anapezeka opanda mlandu, kiliyadi, ndipo posakhalitsa anakwezedwa nawonso, koma pa ntchito. Malata a nyumba imene tonse tinakuliramo anachokera pa kukwezedwa kumeneko, ndipo sanadonthepo.

Ine ndinabwera patapita miyezi, nditanyamula sutikesi ndi dzina langa latsopano. Ndinkayembekeza bingu. Malume anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Wakuzula ndani, mphwanga?”

“Sanatchule dzina, malume. Angoti ndazulidwa.”

“Eya,” anatero. “Sitimatchula.”

Mlandu wanga unathera pomwepo. Pamsika ndinapeza butchala ya Che Amadu itakhomedwa matabwa, ndipo amayi akationa ife a pakhomo pa malume ankafunsana mokweza kuti kodi mankhwala a m'mimba a kwa a Kondemu amagulidwa kuti.

Azakhali anali ndi njira yawoyawo yolangira. Kapu ikasweka, malume n'kufunsa kuti waswa ndani, iwo ankayankha modekha kuti inayezedwa, inakanidwa, ndipo inasweka. Malume ankatuluka panja kukayang'ana njinga. Anakangana za mbewu, za mkamwini, za dzina la mdzukulu, koma pansi pa mikangano yonseyo panali phewa lija.

Che Amadu anabwerako mvula zingapo zitadutsa. Nkhokwe ija inali itasanduka nsungwi, mano akutsogolo atatsala komweko. Mpeni wa pamsika sanaloledwenso kuugwira. Anasamukira ku Nsanama kwa alongo awo n'kuyamba kumata machubu a njinga pakhonde. Malume anavala suti ya pa Khirisimasi n'kupita kukawaona, ndipo ananditenga ine kuti ndinyamule shuga, poti ndinali munthu wophunzira wopanda chochita.

“Achimwene,” anatero malume atakhala pansi, “zinthu zinalakwika.”

Che Amadu anapitiriza kumiza chubu m'beseni, kufunafuna pamene pakutuluka thovu.

“Zinalakwika zokha?”

“Nthawi inali yovuta. Panachitika zambiri zosayenera kuchitika.”

“A Bene, mwabwera kudzandiyankhula Chingerezi m'Chichewa? Shugayo siyani, ana amwera tiyi. Inu bwererani. Tsiku limene mudzapeze amene analakwitsa zinthuzo, mudzabwere naye.”

Tinabwerera. Panjira malume anandiuza kuti Che Amadu akuoneka bwino, ndipo ine ndinavomera kuti akuonekadi bwino. Banja lathu limadziwa kugwirizana pa nthawi yofunika.

Zaka zinadutsa. Chipani chimodzi chinatha, atcheya anasintha mtundu wa malaya n'kudzamwalira ndi ulemu wonse, malume anapuma pa ntchito. Pa Ntaja panadzaza anthu atsopano amene ankangodziwa za mdala wolimba mtima uja wokuwa pa mwala. Amayi ofunsa za mankhwala a m'mimba aja anatha mmodzimmodzi. Nkhani ya ng'ombe inafupika pofotokozedwa, mpaka inatsala yoti panali munthu mmodzi yekha amene anakana nyama ya chipani, koma anthu sanamumvere. Malume akamva zimenezi ankakhosomola. Ife tinkawapatsa madzi.

Tsiku lina, miyendo itayamba kale kuwakana, anandiuza kuti ndipeze galimoto yopita ku Nsanama. Tinapeza Che Amadu pakhonde lomwe lija, maso atachita ng'ala, machubu atawasiyira adzukulu. Malume anakana mpando. Anaima atagwira nsanamira, chipewa chili m'manja.

“Che Amadu, ndabwera naye munthu uja.”

“Ali kuti? Maso angawa ndi kondemu masiku ano.”

“Ndi ine. Kapamba ndinamuona ine. Pakamwa ndinatseka ine. Ana anga ndinawabisa, a anthu ndinawasiya. Atandifunsa ngati ndinawauza anthu, ndinathawira m'Chingerezi n'kukutsekerani panja. Ndine, Benedikito.”

Ine ndinayamba kuchita chidwi ndi nkhuku za pabwalo. Kenako Che Amadu anasuntha pa mkeka.

“Khalani pansi, a dokotala, mungagwe n'kundipatsa mlandu wina. Ndamva. Sikomo. Koma mwafika pa khomo lolakwika. Kapambayo inenso ndinamuona. Chikwanje chinali m'manja mwanga. Tonse tinaopa munthu mmodzi, kungoti inu munali ndi pobisala, ine ndinali ndi epuloni yokha. Ine ndinapita, ndinabwerako. Abiti Jafali sanabwereko. Ana awo alipo, ndi akuluakulu tsopano. Inu munapitako?”

“Iyayi.”

“Inenso sindinapiteko. Ndimati ndidikire mnzanga.”

Anagwirizana kuti apite limodzi akawauze ana aja zonse, kuyambira pa kapamba mpaka pa phewa. Kuchokera pamenepo malume ankapita ku Nsanama pafupipafupi kukakonza ulendowo, ndipo ine sindinaonepo ulendo wokonzedwa bwino chotere. Poyamba anati adikire mvula ithe. Mvula itatha inali nyengo yokolola, anthu sapezeka pakhomo. Kenako kunabwera Ramadani, ndipo nkhani yolemera siyinenedwa kwa munthu wanjala. Kenako Lenti, kuti pasakhale kukondera. Anakambirana zoti anyamule. Nkhuku inachepa. Mbuzi inali bwino, koma panabuka funso loti aizinge ndani, nanga aiyeze ndani, ndipo apa onse awiri anaseka mpaka kutsamwa, kenako anasiya kuseka. Anakangananso za amene ayambe kuyankhula. Che Amadu ankati ayambe wa boma. Malume ankati ayambe mwini dera. Ankamwa tiyi, n'kutsanzikana, n'kupangana tsiku lodzapitiriza kukonza.

Che Amadu anamwalira chaka chatha nthawi ya chisanu, naikidwa tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. Malume atabwerako kumaliroko ananena kuti tsopano apita okha, mwendo ukangopeza bwino. Mwendo sunapeze bwino.

Thupi lawo lisananyamuke pa Ntaja kupita ku Balaka, ine ndinakhazikidwa pakhonde, pafupi ndi azakhali, kuti ndizilandira zipepeso m'malo mwa banja. Panabwera mayi wina wachikulire ndithu, wofunda mpango kumutu, amene ife sitinkamudziwa. Anagwada, n'kunena kuti wachokera ku Nsanama, ndipo ndi mwana woyamba wa malemu abiti Jafali. Azakhali anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

“Ine ndabwera kudzathokoza,” anatero mayiyo, mokweza kuti onse amve. “Amayi athu anafa ndi nyama ija tili ana. Takula tikumva kuti panali bambo mmodzi amene anaikana nyamayo pamene anthu onse ankaopa. Akanawamvera bambo awa, ife sitikanakula amasiye. Ndinkati ndidzawagwire chanza ali moyo, koma sindinapeze mpata. Ndabwera ndi nkhuku iyi. Yachepa, mulandire.”

Anthu anang'ung'udza movomereza. Woyankha ndinali ine, wa ku koleji. Ndinayang'ana azakhali, azakhali anayang'ana bokosi. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti mawu awo amveka, ndipo mphatso yalandiridwa. Nkhukuyo inadyedwa ku Balaka. Ine sindinadyeko, koma musandiyese wolungama. Inatha ndisanafike.

Sabata yatha ndinapita ku Nsanama. Khonde la Che Amadu lilipo, nyumba ndi yotseka, adzukulu anasamukira ku Liwonde. Pansi pali madontho akale a guluu ndi tizidutswa ta chubu timene nkhuku zalephera kudya. Pakhoma pali mabanga awiri akuda, pamene misana iwiri inkatsamira, motalikirana ngati mkono umodzi. Ndinakhala pakati pake n'kuyang'ana kumene iwo ankayang'ana. Mayi wina wodutsa ndi ndowa ndinamufunsa kuti kwa ana a abiti Jafali n'kuti, ndikuganiza kuti andiuza za kabaza ndi mitsinje yowoloka. Sanatule n'komwe ndowayo, anangoloza ndi mlomo. Kutsidya kwa msewu, kungodutsa munda umodzi wa nandolo, pali mitengo ya mango ndi denga la malata. Ndili pakhondepo ndinkamva wina akusinja, ndi mwana akuitanidwa dzina kuti adzasambe.